Kontena Yomwe Yandidyera Present Perfect

Lolemba

Lero ndi lero! Zaka zonsezi digiri yanga ya uphunzitsi yakhala ikugona m'sutikesi pansi pa bedi, pamodzi ndi jekete lomwe ndinabwera nalo ku Doha poganiza kuti kunja konse kumazizira. Mwini digiri ali pageti la hotela ku Msheireb, "Good morning sir, good morning madam," dzuwa likumutembenuza ngati chimanga chootcha cha pamsewu. Koma m'mawa uno Madamu a ku ofesi ya training andiitanitsa.

Nkhani yake nayi. Hotela inalemba ntchito anthu atatu a ku Ukraine, ndipo Chingerezi chawo chikusokoneza alendo. Madamu akuti nthenda yake ndi present perfect. Ndiwaphunzitse sabata ino pa bureki ya masana, Lamulungu adzabwera kudzaona okha. Akakhutira, ndichoka pageti, ndilowa mu ofesi yawo. Mu ofesimo muli AC. Ndibwereze, mwina pepalali silinamve: muli AC. Mulinso mpando wozungulira.

Ophunzira anga:
Oksana, wa ku spa. Amalemba chilichonse, ngakhale ndikatsokomola.
Bohdan, woyang'anira dziwe losambira. Mapewa ngati chitseko cha galaja. Salankhula.
Mayi Halyna, a kukhitchini ya makeke. Msinkhu wa amayi anga, maso a hedimisitiresi.

Azungu osadziwa Chizungu! Ndawauza amayi kumudzi pa foni. Akuti, "Mwana wanga, kukhala kutali kusakuphunzitse bodza."

Pulani: lero have ndi has. Mawa already ndi yet. Lachitatu ever ndi never. Lachinayi since ndi for. Loweruka kubwereza. Lamulungu AC.

Vuto lawo ndalipeza msanga. Kwawo "ndadya" ndi "ndinadya" amaziponya m'thumba limodzi, chakale ndi chakale basi. Ife tinayamwira kusiyanitsa, ndiye ndikumva ngati dokotala wamkulu. Ndalemba pa bolodi ndi zilembo zikuluzikulu: I HAVE NOT EATEN. Ndadziloza pamimba kuti amvetse. Si bodzanso, bureki yanga ndi yomweyi.

Mayi Halyna ayika cholembera pansi. Atuluka. Abwera ndi kontena ya chivindikiro cha buluu, yodzaza ndi timitanda tophika ta ufa wa tirigu, mkati muli mbatata ya kachewere ndi anyezi. Akuti varenyky.

"Teacher, eat."

Kwathu chakudya sitikana. Ndadya. Zotsala ndapita nazo kuchipinda. Has tiona mawa.

Lachiwiri

M'mawa ndatsuka kontena, ndikuyika m'chikwama. Che Yusufu, dalaivala wa ku Mangochi amene ndimagona naye chipinda chimodzi, andigwira dzanja.

"Aphunzitsi, mbale ya eni mukubweza yopanda kanthu? Anakulerani ndani?"

Akunena zoona. Digiri yandiiwalitsa ulemu. Ndathiramo mtedza wokazinga uja anandibweretsera msuweni. Che Yusufu ayang'ana, akuti wachepa, anthu ndi atatu, Malawi achita manyazi. Ndadzazanso bakuli langa.

M'kalasi Mayi Halyna atsegula kontena, atsegula bakuli, agwedeza mutu ngati ndakhoza mayeso. Oksana afotokoza: "In Ukraine also. Never give back empty." Taonani zodabwitsa! Mayiko otalikirana chonchi, lamulo limodzi. Ndakondwa, ndalankhulapo mawu angapo okhudza umodzi wa anthu a padziko lapansi. Oksana walemba onse.

Theka la bureki lathera pa mtedza. Bohdan akudya ndi makoko omwe.

Already tafika. Yet ayi.

Pobwerera pageti mpamene zandilowa m'mutu: bakuli langa latsala kwa Mayi Halyna. Ndipo kwawo sabweza chopanda kanthu.

Lachitatu

Bakuli labwera. Lolemera ngati njerwa. Mkati muli nyama ndi mpunga zokulungidwa m'masamba a kabichi, zitandandalikidwa bwinobwino ngati ana a sukulu pa asembule. Ndati chabwino, bakuli langa labwerera kwa mwini, nkhani yatha, khalasi.

Kenako Mayi Halyna atulutsa botolo la msuzi wofiira. Akuti kabichi sayenda yekha. Botolo ndi lawo.

Ndachita masamu, ngakhale sanali phunziro langa. Chiwiya cha mnzako chikakhala kwa iwe, uyenera kuchidzaza. Chakudya chikapanda kukwana m'menemo, uwonjezera chiwiya chako. Chako chikapita, chibwera chodzaza, ndi mlongo wake pambali. Nkhondo imeneyi ilibe potulukira.

Ever ndi never. Ndakonza mafunso apamwamba okhudza maulendo ndi mabuku. Funso loyamba la Mayi Halyna: "Have you ever eat mushroom soup?" Ndawakonza, ndati eaten. Akuti, "Good. Tomorrow." Apa sindikudziwa amene wakonza mnzake.

Masana pageti, mimba ili ndendende, dzuwa lili pamutu. Ndatsegulira geti mphaka. Ndamuperekeranso sawatcha. Supavaiza wandiona: "Yalla, my friend, wake up!"

Madzulo ndimati ndikonze phunziro la mawa, koma botolo lili patebulo, likundiyang'ana. Ndiye nzeru yandibwerera. Che Yusufu ali ndi usipa wouma m'katoni pamwamba pa kabati, womwe ukatsegulidwa ngakhale Anepali a chipinda chachitatu amabwera kudzafunsa ngati kwafa chinthu. Mzungu sangapirire usipa. Adzanunkhiza, adzathokoza mwaulemu, ndipo sadzafunanso kusinthana nane kanthu.

Che Yusufu avomera monyinyirika. Usipa sunakwane m'botolo, wina tayika m'poto wawo ndi m'bakuli langa.

Lachinayi

Che Yusufu abwera nawo m'kalasi. Akuti akuperekeza poto. Akhala kutsogolo. Pambuyo pawo palowa anyamata awiri a kwathu a pageti lakumbuyo, akuti nawonso present perfect imawavuta. Mmodzi wa iwo amawerenga nyuzipepala ya Chingerezi tsiku lililonse. Onse abwera ndi masupuni m'thumba la malaya.

Ndatsegula poto. Fungo lagwira chipinda chonse, mpaka AC yatsokomola. Ndikudikira kuti athawe.

Bohdan waimirira. Watenga kausipa kamodzi, wakanunkhiza, watseka maso. Munthu amene sabata yonse sanatulutse liwu wayamba kulankhula chikwawo ngati wailesi, misozi ili m'maso. Oksana akumasulira: kwawo nawonso amaumitsa tinsomba, agogo ake aamuna ankatipachika pakhonde, chifikireni ku Doha wafunafuna m'mashopu onse osatipeza. Wandikumbatira. Ndamva nthiti zikupatsana moni.

Usipa wanga wankhondo wasanduka mphatso ya chaka.

Msuzi wa bowa wabweradi, mumphika waukulu, wa Mayi Halyna. Anyamata a pageti lakumbuyo aphunzira mwakhama, mpaka pansi pa mphika.

Since ndi for sitinaziyambe. Pa bolodi pakadali chiganizo cha Lolemba chija, I HAVE NOT EATEN. Lolemba chinali chitsanzo. Lero ndi bodza loyera.

M'kolido ndakumana ndi Madamu. "Ready for Sunday?"

"Inshallah, madam."

Amene wakhalitsa kuno amadziwa inshallah ya mtundu umenewo. Madamu akhalitsa.

Lachisanu

Tsiku lopuma. Kuwerengera katundu wa eni amene ali m'chipinda muno:
mphika wa msuzi wa bowa;
kontena ya buluu, yomwe sindikudziwa yabwereranso bwanji;
thireyi ya makeke;
kambale kamaluwa komwe aliyense akukana kuti sakukadziwa.

Katundu wathu amene ali ku Ukraine: poto wa Che Yusufu, bakuli langa, sabata yanga.

Buluku la yunifolomu likukana kutseka. Munthu anabwera kudzaphunzitsa nthawi za aneni, wanenepa ndi iye.

Ndakhala pansi ndi kudzifunsa mafunso aakulu. Kodi ndinakhala zaka zonse zija ku yunivesite, ndikudya nyemba zofumbwa, kuti ndidzathere pa malonda a makontena? Mwezi uno pageti ngakhale nsapato imafewa. Ofesi ija ili pafupi, ndikuimva kuzizira kwake m'maloto.

Chigamulo: mawa ndibweza zonse zotsuka, zopanda kanthu. Akhumudwe, andione ngati wosaleredwa, koma aphunzire since ndi for.

Che Yusufu abwera kuchokera ku mapemphero a Juma, ndawauza. Avula kofia, andiyang'ana nthawi yaitali.

"Mukapite nokha. Ndipo mukanene kuti ndinu a ku Zambia."

Loweruka

Ndalowa ndi chikwama cha ziwiya, ndachikankhira pansi pa tebulo. Anyamata a masupuni ndawabweza pakhomo. Ndavala nkhope ya mphunzitsi wa Folomu 4 mayeso atayandikira. "Today, no food!" Oksana walemba.

Ndipo zikuyenda! Since ndi poyambira, for ndi kutalika kwa nthawi. Ndajambula mzere, ndayika kadontho. Ndati aliyense apange chiganizo chake.

Oksana: "I have worked here since winter." Ndaomba m'manja.

Bohdan: "I have loved small fish from Malawi since Thursday." Ndalola.

Mayi Halyna akuyendetsa chala pa tebulo ngati akufufuta ufa. Kenako pang'onopang'ono, liwu ndi liwu:

"I have not cooked for my son since the war started."

Palibe cholakwika. Have ili pamalo pake, since ili pamalo pake. Sabata yonse ndimafuna chiganizo chotere, ndipo chafika ndilibe pochiyika. Oksana sanalembe. Bohdan akuyang'ana pawindo.

Mayi Halyna apukuta m'maso ndi epuloni, andiloza. "He is thin like you. He eats like you. Fast, like somebody will take." Aseka. Ndaseka nawo.

Kenako aona chikwama pansi pa tebulo. "My pot?"

Mphika wotsuka, wowala, wopanda ngakhale kanjere ka mtedza. Ndakankha chikwama ndi phazi, chalowa mkati.

"Not yet, mama. Tomorrow."

Yet uja tinamulephera Lachiwiri wapeza ntchito lero.

Madzulo ndimayenera kukonza phunziro loti Madamu adzaone. Ndili kukhitchini ya tonse, ndikukanya nthochi zakupsa ndi ufa. Zitumbuwa. Che Yusufu akutembenuza m'mafuta, akuimba. Akuti, "Tsopano mwabwerera ku Malawi, aphunzitsi."

Lamulungu

Ndimati tidya msanga Madamu asanafike. Koma Mayi Halyna amva kuti lero ndi mayeso a Teacher, ndipo kwawo munthu salowa mayeso ndi njala. Tebulo lonse ladzaza: timitanda tija, kabichi uja, keke ya uchi yosanjikiza ngati nyumba za ku Msheireb. Pakati pali mphika wa zitumbuwa zanga. Che Yusufu alipo. A masupuni alipo, abweranso ndi mnzawo.

Madamu alowa ndili ndi keke kukamwa, cholembera cha pa bolodi chili m'mbale ya msuzi.

Ayang'ana tebulo. Ayang'ana bolodi, pomwe pamwamba pa mzere wa dzulo pakadali I HAVE NOT EATEN. Ayang'ana batani la buluku langa.

"So. What have you done this week?"

Bohdan, monyadira: "We have eaten."

Mayi Halyna: "Teacher has eaten good."

Madamu atembenukira kwa Oksana, chiyembekezo changa chomaliza, amufunsa wakhala nthawi yaitali bwanji pa hotela pano. Oksana ameza chitumbuwa: "I am here since winter." Dzulo lomweli anakhoza! Zili m'kope mwake, ndi mzere wofiira pansi!

Mayi Halyna aikira Madamu mbale m'manja. Nawonso kwawo, zikuoneka, chakudya sakana. Adya chitumbuwa. Adya keke. Adyanso chitumbuwa.

Chigamulo chawo: za Chingerezi, hotela iwaikira pulogalamu ya pa foni. Koma "this beautiful thing" akufuna izichitika mwezi uliwonse kukantini ya antchito. Oyang'anira: Mayi Halyna ndi Che Yusufu. Che Yusufu, amene amakhala kale tsiku lonse mu AC ya galimoto! Ine andithokoza chifukwa cha "team spirit", andikumbutsa kuti shifiti yanga yayamba.

Ndili pageti. Dzuwa landilandira ngati m'bale. Mphaka uja wadutsa, wandiyang'ana, akudikira sawatcha. Digiri ibwerere kwa jekete, azikafundana.

Chakumadzulo Bohdan watulukira, mthunzi wake wokha wandipatsa mpumulo. Wanyamula kontena ya chivindikiro cha buluu. Waima njo, wakonza kukhosi.

"Mama asks: have you eaten yet?"

Yet ali kumapeto, pamalo pake penipeni, popanda Madamu woti amve.

Ndalandira ndi manja awiri. Ndadya.

Pano kontena ili pa bedi, yotsuka. Mtedza unatha, usipa unatha, Che Yusufu akuti iwo tsopano ndi a komiti, sakazinga za munthu wamba. Pa kabati patsala nthochi zakuda. Ndikupita kwa Anepali kukapempha mafuta.