Mzere wa pa Tsamba 4,012

M'mudzi wina, umene dzina lake sitilitchula poopa maloya, munali kampani yopanga mafoni. Munalinso mayi Nagama, amene ankakonza mafoniwo pakhonde la golosale.

Pulogalamu imene ili ngati mtima wa foni, yomwe akatswiri amaitcha kenelo, kampaniyo inaitenga ulele kwa anthu odzipereka. Layisensi yake inali ndi lamulo limodzi: ukaisintha n'kugulitsa foni, uonetse anthu zimene wasinthazo. Akampani anawerenga mpaka pa mawu oti "ulele" n'kutseka buku.

Koma mafoniwo anali ndi nthenda. Akangokwanitsa chaka, batire linkakomoka dzuwa lisanafike pamutu. Mayi Nagama akaika latsopano, nalonso linkakomoka. Makasitomala anayamba kunong'onezana kuti mayiwo amaika mabatire akale, ndipo zinawapweteka mtima.

Pokayikira kuti vuto lili mu kenelo, mayi Nagama anapita kwa bambo Kamtedza, Mkulu wa Akuluakulu Oona za Kumvera Malamulo pakampanipo.

"Bwana, ndabwera kudzaona kenelo yanu. Layisensi ikutero."

"Mayi, ife malamulo timawalemekeza kwambiri," anatero bwanayo. "N'chifukwa chake sitiwakhudza."

Atabwereranso anauzidwa kuti wosunga makiyi ali kumaliro. Ulendo wachitatu anapeza komiti ikufufuza tanthauzo la mawu oti "kuonetsa". Poti kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi Nagama analembera eni kenelo aja, ndipo iwo anatumiza ku kampaniyo kalata yotchula za khoti.

Pompo kampani inakonza Tsiku la Kuchita Zinthu Poyera. Kunali tenti, bandi ndi riboni. Kenelo inaperekedwa itasindikizidwa pamapepala odzaza mawilibala asanu, poganiza kuti palibe angawerenge.

Mayi Nagama anawerenga masabata atatu, poti makasitomala anali atathawa kale. Pa tsamba 4,012 anapeza mzere wolamula batire kufooka pakatha chaka. Pambali pake wolemba pulogalamu anasiyapo mawu: "Abwana akuti anthu azigula ina. Ine ndangotumidwa."

Iwo ndi anzawo okonza mafoni anatayipanso kenelo yonse, n'kudumpha mzerewo. Foni yoyamba kuikidwa kenelo yatsopanoyo inakhala masiku awiri osaitchaja, ndipo mbiri inawanda pamsika.

Kutacha, pakhonde la golosale panali chinamtindi cha anthu. Kutsogolo kwenikweni kunaima bambo wina, chipewa atachitsitsira kumaso, mafoni atatu ali m'manja.

"Takulandirani, bwana Kamtedza!" anafuula mayi Nagama.

"Tsitsani mawu, mayi," ananong'ona bwanayo. "Muyambe ndi iyi. Ikukwanitsa chaka mawa."