Katemera Wokhala ndi Mchira

Pepala langa lolowera ku Tanganyika ndinaliona ndi maso angawa, dzina langa lili pamwamba, losainidwa kale. Ku Tanganyikako sindinapondeko mpaka lero. Anthu a ku Masasa nkhaniyi amaifotokoza mosiyanasiyana, ena amawonjezera zoti ndinamenya dokotala, ndiye ndati ndiinene ndekha mmene inayendera.

Inali nthawi ya Chitaganya, Mzuzu akadali katawuni ka matope ndi nkhungu. Bambo anabwera kuno kuchokera ku Dowa pa ntchito ya umesenjala, ine n'kumasenza njerwa kumene ankamanga nyumba za boma. Sukulu ndinaisiyira Sitandade 3 (inali nkhani ya ine, mphunzitsi wina ndi rula yake, tiisiye pomwepo).

Chaka chimenecho mpingo wathu unakonza zotumiza gulu ku Tanganyika, kukalalikira ndi kukaimbira anthu akwathu amene ankagwira ntchito kumeneko. Anasankha aphunzitsi, makalaliki ndi amayi a kwaya. Dzina lomaliza linali langa. A Gondwe, mkulu wa mpingo amene ankatsogolera ulendowo, sanandibisire chifukwa chake.

"Mwana wane, kuimba suimba, umakuwa. Kulalika yayi. Koma lole imafuna munthu wopukusa handulo yolizira injini, ndipo limba lathu loimbira nyimbo silikwera lokha."

Sizinandipweteke. Kutali kumene ndinali nditafikako kunali ku Ekwendeni. Akanati ndikhale pamwamba pa katundu mpaka kukafika, ndikanakhala.

Vuto linali lakuti pamalire ankafuna pepala la katemera wa nthomba. Lachisanu lina tonse tinapita kuchipatala, kwa a Mhone, munthu wa ku Nkhata Bay (sanali dokotala weniweni, anali wothandizira, koma tonse tinkati a Dokotala). Aliyense ankamukanda ndi kansingano pa mkono wamanzere n'kudonthezapo mankhwala. Atamaliza anati tibwerenso Lachisanu linalo. Lole inkanyamuka Loweruka, m'mawa mwake.

Tsono ine katemera ameneyu ndinkamudziwa. Mnzanga wina wa kunjerwa mkono wake unatupa ngati thunthu la nthochi, anagona masiku atatu akubuula. Ndinawerengera ndekha: paulendowu anditengera mikono, mkono ukatupa anditengeranji? Maganizo amenewa ndinali nditawatula kale dzulo lake kwa alamu anga a Yotamu, amuna a achemwali, amene ankakhoma ndowa ndi zitini kuseri kwa nyumba yawo. A Yotamu anakhalako ku Joni zaka ziwiri, ndiye panalibe chimene sankachidziwa.

"Alamu, zimenezo n'zazing'ono," anatero. "Ife ku Joni tinkalowa ndimu ali m'thumba. Kungotuluka pakhomo, kutikita, basi. Mankhwala a azungu amaopa ndimu."

Ndinachita momwemo. Nditangotuluka kwa a Mhone ndinazembera kuseri kwa chimbudzi, ndinang'amba ndimu ndi mano n'kutikita mpaka misozi. Kufika kunyumba ndinawonjezerapo phulusa, poti mwina ndimu wa kuno ndi wofooka kusiyana ndi wa ku Joni.

Zinagwira. Mlungu wonse anzanga akuyenda mkono uli m'mwamba ngati nkhuku yothyoka phiko, ine ndikusenza njerwa n'kumaimba mluzu. Pamene anandikanda paja panali posalala ngati pa mwana.

Lachitatu madzulo, kwaya itatha kuphunzira nyimbo, anthu anayamba kuonetsana zilonda. Wina chake chachikulu ngati ndalama ya tiki, wina ngati ya sikisi, onse akunyadira. Ine ndinkaseka chamumtima. Kenako a Gondwe anaimirira.

"Lachisanu m'mawa tonse kwa a Mhone. Akaona kuti chilonda chatuluka, akudinda pepala. Amene sichinatuluke amtemeranso, adikire mlungu wina. Ife sitidikira munthu yayi."

Anatembenukira kwa ine. "Iwe chako chili uli?"

"Chikubwera, adada," ndinayankha, dzanja lili pa malaya.

Lachinayi sindinapite kunjerwa. Ndinalawirira kwa a Yotamu, ndipo moni sindinapereke.

"Alamu, mwandipha! Amafuna chilondacho!"

"Aa, kuno amayang'ananso? Ku Joni sankayang'ana."

Ndinanyamula ndowa imodzi n'kuiponya kumpanda. Iwo anapita kukaitola, anaiyang'ana pamene yapindika, n'kunena mofatsa kuti chilonda ndi chilonda, boma silingasiyanitse. Pa mbaula pawo panali chitsulo chimene ankasungunulira mtovu pomata ndowa. Anati angogunditsa kansonga kamodzi kokha, mawa padzakhala thuza lozungulira bwinobwino.

Munthu wanzeru akanathawa. Ine ndinavula malaya n'kukhala pa mtondo.

"Musagwedezeke, alamu."

"Inuyo musanjenjemere!"

Za amene anagwedezeka timakanganabe mpaka pano. Chimene ndikudziwa n'chakuti chitsulo chitangondikhudza ndinalumpha, mtondo unagubuduka, ndipo chitsulocho chinatsetsereka kutsika nacho mkono. Ndinatchula mawu amene munthu wopita kukafalitsa Uthenga sayenera kuwadziwa n'komwe. Achemwali anatuluka m'nyumba akuthamanga, anatiyang'ana tonse awiri, n'kubwerera m'nyumba.

A Yotamu anawerama n'kuyang'ana ntchito yawo. "Kumutuku kwatuluka bwino," anatero. "Kumunsiku muziphimba ndi chala."

Lachisanu tinaima pamzere m'chipinda cha a Mhone, amayi kutsogolo, abambo kumbuyo. Iwo atakhala patebulo, mapepala mbali iyi, chidindo ndi botolo la inki mbali iyo. Munthu akaonetsa mkono, iwo ankati "Yewo," zikomo wa kuno, chidindo phwa, wina abwere. Ine ndinadziika kumapeto, ndikuganiza kuti pofika pa ine adzakhala atatopa ndipo anthu adzakhala atatuluka. Palibe anatuluka. Kunja kunkawaza mvula.

Ndinapinda malaya pang'ono, chala chili pamene anandiuza alamu.

"Chotsa chala."

Ndinachotsa.

A Mhone anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Ichi n'chiyani?"

"Katemera, a Dokotala."

"Wanga?"

"Wanu ndithu."

"Mnyamata, ine ndatemera anthu kuyambira iwe ukuyamwa. Katemera wanga amatuluka wozungulira. Uyu ali ndi mchira. Ndinakutemera buluzi ine?"

Mayi wina wa kwaya anayamba kutsokomola, ndipo chifuwacho chinafalikira chipinda chonse. Makutu anga anatentha. A Gondwe anayandikira, anayang'ana, n'kungoti, "Aa, mwana wane."

A Mhone anafunsa kuti chinali chiyani, msomali kapena chikuni. Ndinati chitsulo cha ndowa. Anafunsa kuti nanga katemera weniweniyo anapita kuti. Ndinati ndimu. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nyimbo imene amaidziwa kale. Kenako anasanthula mapepala aja n'kutulutsa limodzi.

"Ukuliona ili? Ndi lako. Ndinalisaina tsiku lomwe lija. Iwe anakutemera kale uli khanda, chipsera chake ndinachiona, chinali apa pamene wasita ndi chitsulopa. Munthu wotemeredwa kachiwiri sitidikira chilonda. Chituluke, chisatuluke, timadinda. Iwe lero unkangofunika kubwera ndi kunena yewo."

Apa ndiye anthu anasiya kunamizira chifuwa. Anaseka poyera, amayi mpaka kugwirana mapewa.

Ndikanaseka nawo. Ndikanapepesa, iwo akanandimanga bandeji, chidindo phwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Chidindocho chinali kale m'dzanja lawo, ndinachiona. Koma mutu wanga ukatentha sufunsa kwa mwini wake.

"Nanga bwanji simunanene?" ndinakuwa.

"Unafunsa?"

"Munthu wamkulu ngati inu kumangoyang'ana anthu akuvutika! Ntchito yanu n'chiyani pamenepa?"

Ndipo ndinamenya tebulo. Dokotala sindinamukhudze, amene amanena zimenezo akunama. Ndinamenya tebulo lokha, kamodzi, ndi dzanja lamanja. Botolo la inki linadumpha, linagwa cham'mbali, ndipo inki yonse inayenderera pa pepala limodzi lokha limene linali pakati pa tebulo. Mapepala a anzanga anali kale m'matumba mwawo.

A Mhone ananyamula pepala langa ndi zala ziwiri, likudontha, n'kuliika m'chitini cha zinyalala.

"Lina ndikhoza kulemba," anatero. "Koma munthu womenya tebulo la boma sindimulembera tsiku lomwelo. Ubwere Lolemba, mutu utazizira."

"Lole ikunyamuka mawa, a Dokotala."

"Ndikudziwa chomene."

Ndinayang'ana a Gondwe. Iwo ndi a Mhone ankalemekezana, ndipo akanangoti mukhululukireni mwanayu, ndikhulupirira zikanatheka. A Gondwe anayang'ana inki imene inawadonthera pa nsapato, kenako anayang'ana ine.

"Pamalire palinso matebulo, mwana wane," anatero. "Ndipo kumeneko kuli asilikali."

A Mhone anandikhazika pa benchi, anatsuka chilonda chija n'kuchimanga bwinobwino, osandipweteka ngakhale pang'ono, zimene zinandikwiyitsa koposa.

Loweruka m'mawa ndinati sindipitako. Kenako ndinapezeka ndili pabwalo la tchalitchi, mkono uli m'nsalu, wotupa kuposa wa mnzanga wa kunjerwa uja. Limba analikweza aphunzitsi atatu ndi kalaliki mmodzi, akupuma kawiri panjira (ine ndinkalinyamula ndi munthu mmodzi). Anapemphera, anaimba, anakwera. Pamalo panga pa katundu anaikapo thumba la ufa.

Dalaivala anapereka handulo kwa mphunzitsi wina. Anapukusa, lole inangotsokomola. Anayesa wina, chimodzimodzi. Usiku kunali kutazizira, injini inakana. Dalaivala anati palibe kuchitira mwina, ikankhidwe mpaka potsetsereka. Anthu anayang'anana mu zovala zawo za paulendo, pansi pali matope. Kenako onse, mmodzimmodzi, anayang'ana kumene ndinaima ine.

Ndinaika phewa lamanja kumbuyo kwa lole, pamodzi ndi abambo awiri amene anabwera kudzaperekeza akazi awo. Tinakankha. Pofika potsetsereka inalira, inandipemerera utsi kumaso, n'kumapita. Amayi anayambitsa nyimbo. A Gondwe anasuzumira kumbuyo n'kukweza chipewa.

"Yewo chomene, mwana wane!"

Ndinatsala pamsewu, matope mpaka m'mawondo.

Lolemba ndinapita kwa a Mhone, manja onse ndili nawo kumbuyo, ndipo anandilembera pepala lina. Ndikadali nalo m'Baibulo, lodindidwa bwino, silinaonepo malire. Abusa amati phunziro lake ndi la kuugwira mtima, ndipo sindikutsutsa. Koma ine ndikaliyang'ana ndimaonabe kuti a Yotamu akanagwira chitsulo chija molimba, bwenzi ndikukuuzani za ku Tanganyika.