Apongozi Pamwamba pa Saitimapu

Lolemba

Akazi anga, Mayi a Lusekelo, agamula. Pofika Lamulungu, ngati sipapezeka mlendo ngakhale mmodzi wobwera chifukwa cha webusaiti, chipinda cha nambala sikisi chisiya kukhala ofesi yanga, ndipo laputopu ipita kwa Lusekelo ku koleji. Akuti, "Resitihausi imafuna alendo, osati munthu wongodinadina tsiku lonse." Wongodinadinayo ndine, mphunzitsi wamkulu wopuma, mwana wa ku Ntcheu wokwatira ku Karonga. Zandiwawa.

Vuto ndi ili: ukalemba "malo ogona ku Karonga" pa intaneti, ife sitioneka. Akutuluka ndi aja a kutsidya kwa msewu, omwe fani yawo imalira ngati chigayo.

Mayi Phiri, mlendo wathu wa m'chipinda chachiwiri, amakonza makompyuta m'maofesi a pa Boma. Angoyang'ana kamodzi. "Bambo, mulibe saitimapu." Akuti ndi mndandanda wa masamba onse a webusaiti. Umaupereka kwa makina osakira zinthu kuti adziwe kuti uli ndi tsamba lakuti ndi lakuti. Tsamba lililonse ukhoza kulipatsa nambala yosonyeza kufunika kwake.

Masamba anga ndi atatu okha: zipinda, chakudya, njira yofikira kuno. Ntchito yochepa iyi. Mawa ndimaliza.

Lachiwiri

Magetsi kulibe. Kutentha kokha.

Alamu anga a Gwamaka, aja amathandiza amalonda kuwolotsa katundu ku Songwe, adutsa kudzamwa madzi. Pakamwa panga! Ndadzitama kuti pofika Lachisanu dziko lonse likhala likutiona. Iwo: "Ndiye mulamu, ine mundisiya kunja?" Ndingakane bwanji munthu amene anatipezera malo omwe tinamangapowa? Masamba anayi.

Lachitatu

Nkhani yafika kwa apongozi ku Kaporo ine ndisanasambe. Apongozi atsika minibasi ndi kathumba ka mpunga wa Kilombero pamutu. Ine sayankhula nane mwachindunji, amadzera mwa mwana wawo, maso ali kukhoma. Mayi a Lusekelo amasulira: "Akuti mpunga wawo ulowemonso."

Olowa lero:
apongozi ndi mpunga,
azakhali a ku Sangilo ndi usipa wouma,
amalume ndi ng'ombe yawo yamphongo yobwereketsa,
kwaya ya amayi, chifukwa azakhali ndi apampando.

Ndajambula apongozi atanyamula lichero. Sakumwetulira. Tsamba lawo ndalemba mizere iwiri yokha, kuti mpunga weniweni wa Kilombero, wonunkhira, imbani pa nambala iyi. Nambalayo ndi yanga, poti iwo foni amaiopa.

Lachinayi

Tsiku la manambala. Zipinda ndaika pamwamba, nambala wani. Si ndiye cholinga?

A Gwamaka asuzumira paphewa panga, nkhope yasintha. "Mulamu, amayi mwawaika pansi pa chithunzi cha bafa?" Ndafotokoza kuti izi amawerenga ndi makina okha, munthu saona. Akuti makinawo ndiye adziwe ulemu wa kuno.

Takhala pakhonde banja lonse. Akukambirana m'Chinkhonde, ine ndikungomva dzina langa likudutsa. Chigamulo: saitimapu itsate momwe timakhalira pamaliro. Akuluakulu patsogolo, akamwini kumbuyo kotola nkhuni. Mkangano wina, wamkulu ndani, amalume kapena apongozi? Onse nambala wani. Ng'ombe nayo nambala wani, poti siingasiyane ndi mwini wake.

Ndadula mizere itatu ya masamba anga mu saitimapu kuti ndikaiike pansi penipeni. Pomwepo magetsi thii. Batire ya laputopu inafa kalekale. Atabwera magetsi, a Gwamaka ali pakhosi panga, minibasi ikuwasiya, akuti nditumize saitimapuyo iwo akuona ndi maso awo. Ndatumiza.

Mkamwini wabwino. Mtima uli m'malo.

Lachisanu

Kudikira. Mayi Phiri akuti makinawo amabwera nthawi yomwe afuna, mwina mawa, mwina mwezi wamawa. Ngati alendo a boma.

Ndalemba "malo ogona ku Karonga" mpaka bandulo yatha. Achigayo aja ali pompo. Mayi a Lusekelo alowa ndi tsache, ayeza chipinda ndi maso, atuluka. Ndili ndi mantha, ndisaname. Ofesi iyi ndi malo okhawo pano pomwe munthu amagogoda asanalowe.

Loweruka

Foni ikulira m'mawa, nambala yachilendo. Ndavala mawu a ulemu: takulandirani, zipinda zilipo, madzi otentha aliponso. Mayi wa ku Lilongwe: "Pepani, ndi kwa agogo a mpunga?" Ali ndi malo odyera, wawaona pa intaneti, akuti nkhope yawo ikuoneka kuti sasakaniza mpunga ndi wina. Atumiza galimoto.

Wachiwiri, wa ku Mzuzu. Mpunga. Wachitatu akufunsa ngati ng'ombe ija imayenda mpaka ku Chitipa.

Ndathamangira kwa Mayi Phiri. Atsegula saitimapu, awerenga, achotsa magalasi. "Bambo, masamba anu ali kuti?" Mulibe. Ndinadula, magetsi anazima, sindinabwezeretse. Amalume alimo, ng'ombe ilimo, kwaya ilimo. Mwini nyumba mulibe. Ndipo pokonza tsamba loyamba kuti akuluakulu akwane, ndinachotsanso batani lopita ku zipinda.

Mayi Phiri akutinso manambala aja makinawo sawalabadira kwenikweni, amangotsata zomwe anthu akusaka. Msonkhano wonse uja! Tabwezeretsa mizere yanga. Ioneka liti? "Tiyembekeze."

Lamulungu

Dalaivala wa mayi wa ku Lilongwe wagona m'chipinda chachitatu. Ndanena momveka bwino, anthu akumwa tiyi, kuti ameneyu ndi mlendo wobwera chifukwa cha webusaiti. Mayi a Lusekelo: "Wabwerera mpunga, bambo a Lusekelo. Kugona n'kutopa chabe."

Chigamulo: laputopu siipita ku koleji, apongozi akuifuna. Chipinda cha nambala sikisi n'chouma, chili ndi loko wabwino, mpunga usungidwa mmenemo. Tebulo langa lili pakhonde, pafupi ndi ndowa yosambira m'manja. Matumba ndanyamula ndekha, msana ukundiuza zaka zanga.

Apongozi lero andiyang'ana kumaso, koyamba chikwatirire mwana wawo. "Ndaga," atero. Zikomo wa kuno. Ndasangalala, n'zochititsa manyazi kuti ndasangalala chotere.

Kenako atembenukira kukhoma, ayankhula ndi mwana wawo. Mayi a Lusekelo amasulira: akuti masamba a zipinda ndinabwezeretsa dzulo aja angasokoneze makasitomala awo.

Ndachotsa.