Ndevu za a Chindevu m'phula la galimoto

Inu, tamverani za a Chindevu, munthu amene ankati ntchito iliyonse ya manja anabadwa nayo. Ndevu zawo zinkafika pachifuwa, zaka makumi awiri osaona lumo, ndipo m'mawa ankayamba kuzipesa asanapereke moni kwa akazi awo.

Atagula chigalimoto chakalekale kuti achikonze, makaniko woyandikana nawo anawauza kuti pansi pake, m'katimo, munamatidwa phula lotchinga phokoso, ndipo liyenera kuchoka kaye.

"Ndibwere ndikuthandizeni, bambo?"

"Kumatula phula kokha? Iwe, usandiphunzitse kutafuna."

Anatenga simbi yositira ya akazi awo n'kutenthetsa phulalo mpaka linafewa ngati phala, kenako anagona chafufumimba kuti asuzumire kunsi kwa chiwongolero. Poti adzuke, mutu unakana. Ndevu zonse zinali zitamira, phula likuuma.

Akazi awo anatulukira ndi sizasi, nkhope ili ngwee.

"Musagwedezeke, bambo."

"Mukadulako ngakhale imodzi, ukwati watha," anatero a Chindevu, mphuno ili pachitsulo.

Makaniko uja, ataseka mpaka misozi, anati phula likazizira kwambiri limasweka ngati galasi. Basi anthu asanu anakankha galimoto mumsewu kupita nayo kuchipinda chozizira cha wogulitsa nyama, miyendo ya a Chindevu ili lendelende pakhomo la galimotoyo. Odutsa ankavula zipewa poyesa ndi maliro.

Anakhala maola awiri pakati pa miyendo ya mbuzi, mano akugundana. Akuluakulu anati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Awa anamva hamala ya makaniko ili pachibwano. Phwaa! Pansi pa galimoto panayera mbee, koma chiphula chachikulu ngati thileyi chinanyamuka ndi ndevu zomwe.

Anavutika nacho, inu. Pakudya chinkatchinga mbale, akagona chagada chinkawagwera kumaso ngati chivindikiro. Tsiku lachitatu anaitana akazi awo ndi mawu achisoni.

"Mayi, ndagonja. Dulani."

"Ayi bambo, ndevu ndi ulemu wa mwamuna."

"Ndati dulani, chonde."

"Sindidula," anatero mayiwo akuchipukuta chiphulacho bwinobwino ndi kansalu. "Zaka makumi awiri ndakhala ndikumva mkonono wanu, lero ndi tsiku lachitatu ndikugona ngati mwana. Amene anapanga phula limeneli ankaidziwa ntchito yake."