Mbozi za Bondo Langa

Lolemba
Bondo lakumanzere latupa ngati dzungu. Loweruka mwana wanga Esnati akukwatiwa, ndipo ndalumbira kuti ndikamulowetsa m'tchalitchi ndi miyendo yangayi, popanda ndodo. Pawailesi akuti akatswiri akunja apeza kuti ulusi wa silika, umene mbozi zina zimaluka, uli ndi zinthu zochepetsa kutupa. Akuti ayesera pa mbewa. Kodi bondo la mbewa analipeza bwanji?

Lachiwiri
Mbozi za silika kwa Kasisi kuno palibe anazionapo. Koma ndaganiza: mbozi imene imadya thonje tsiku ndi tsiku, m'mimba mwake mungasowe ulusi? Ndatola zodzadza chitini m'munda wa thonje wa a Zuze, oyandikana nafe. Iwo akuti, "Tolani zonse achimwene, mawa mubwerenso." Sindinawaonepo atakondwa chonchi.

Lachitatu
Zofunika: lichero, masamba a mabulosi monga ananenera pawailesi, ndi kuleza mtima. Masambawo sizikuwayang'ana n'komwe. Zikudyana zokhazokha! Ndakhala pamenepo mpaka dzuwa kufika paliwombo, kuonerera yonenepa ikudya inzake mosafulumira. Ulusi ayi.

Lachinayi
Zatsala zisanu. Zitatu zatsika m'lichero, zakumba pansi n'kudzikwirira. A Zuze akuti ndi mmene zimachitira, zimagona m'dothi n'kudzatuluka zili ndi mapiko. Bwanji sananene dzana? Ziwiri zinazo wameza tambala. Ndamuyang'anitsitsa mayendedwe ake: sakutsimphina. Koma ndi kale lomwe sankatsimphina.

Lachisanu
Amake Esnati ali kophika thobwa la ukwati. M'sutikesi mwawo muli duku latsopano lobiriwira, loterera, lomwe wogulitsa ku Bangula analumbira kuti ndi silika weniweni. Ndaliwiritsa mumphika n'kulimanga pabondo likadali lotentha. Zotsatira zake:
duku lakhwinyata, latsala ngati kampango kopukutira thukuta;
mwendo wabiriwira mpaka kuchidendene;
bondo lawonjezerapo matuza.
Amake Esnati atabwera angolinyamula ndi zala ziwiri. "Duku la ukwati wa mwana wanga." Sanawonjezere, ndipo ndikuopa.

Loweruka
Ndodo ndaisiya pakhomo la tchalitchi. Kuponda katatu kokha, bondo lakana. Thukuta kamukamu, kwaya ikubwereza nyimbo, akuchimuna onse atembenuka. Manyazi andigwira. Esnati wandikoleka mkono, wandichirikiza ndi phewa lake, anthu n'kumaona ngati ndine ndikumuperekeza. Wandinong'oneza, "Pang'onopang'ono baba, inenso sindikuthamangira kuchoka." Tafika kutsogolo nyimbo itatha kalekale.

Lamulungu
Bondo lili pompaja. Namwino wina amene anali kuukwati akuti za silikazo zikadali kwa mbewa, ine ndipite kuchipatala mawa. Chabwino, ndipita. Amake Esnati ayamba kundiyankha, koma mawu amodziamodzi.
M'mawa ndaitana Esnati kuti andiwiritsire madzi othowera bondo. Ndaitana kawiri ndisanakumbuke kuti anachoka dzulo.