Mwendo Umodzi, Kawiri

Linali Loweruka, 9 koloko m'mawa, pa bwalo la ku Kabwata, pamene ndinanamiza munthu wophunzira. Bondo langa silinaiwale mpaka lero.

Timu yathu ya mpira wamanja ndi ya amayi a kutchalitchi. Kwa ine inali njira yokhayo yotulukira m'nyumba Loweruka, mwana n'kuwasiyira apongozi. Tsikulo ba Kochi anabweretsa bambo wina wa ku Woodlands woyeza osewera, amene tinangomutcha ba Dokota. Anati aliyense adumphe katatu ndi mwendo umodzi, kenako ndi winawo. Miyendo ikasiyana mphamvu, ndiye kuti uvulala posachedwa, ndipo ku masewera a ku Chelstone supita.

Ine ndinkadziwa kale kuti wamanzere ndi waulesi (chibadwire mwana, umanjenjemera ngakhale potsika minibasi). Anzanga anavala makabudula. Ine ndi manyazi anga ndinamanga chitenje mpaka kumapazi.

Ndinadumpha ndi wamanja. Bamboyo anayeza ndi tepi, maso n'kubwerera pa foni yake yomwe ankawerengerapo masamu.

"Manje mwendo winangu," anatero.

Ndinatembenuka n'kudumphanso ndi wamanja womwewo.

Anayang'ana pa foni nthawi yaitali. Kenako anaitana amayi onse n'kuwauza kuti chiyambire ntchito sanaonepo miyendo yofanana chonchi. Onse anandiwombera m'manja. Amake Chanda, amene amathamanga kuposa tonsefe koma analephera mayesowo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pansi pa chitenje. Malo awo apakati anapatsidwa kwa ine.

Loweruka lotsatira ku Chelstone ndinasewera mphindi zosakwana zisanu. Ndinalumphira mpira n'kutera pa wamanzere uja (mwendowo sunauzidwe kuti unakhoza mayeso). Bondo linangoti phwa, ine pansi. Anandinyamula amayi anayi, amake Chanda atagwira mwendo wopwetekawo mosanyengerera. Ba Kochi anamukalipira bamboyo pagulu kuti foni yake itimaliza.

M'mawa mwake bamboyo anafika kwathu ndi bandeji. Anati wabwereza masamu ake kangapo koma sakuona pamene analakwitsa, ndipo akupepesa. Apongozi anaima pakhomo, mwana ali kumsana. Iwo anali atagamula kale kuti ngati vuto ndi langa, za mpira zithere pomwepo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule. Ndinayang'ana apongozi, ndinayang'ana pansi, n'kunena chapansipansi:

"Osadandaula, ba Dokota. Nakukhululukilani."