A Medson ndi Kaputeni Gasitoni

Ku Scarborough kuno mukangotchula a Medson Nkhoma, anthu amayamba kuseka musanamalize, chifukwa ndiwo bambo aja ankaika maliro a tizidole. Tinali tiasilikali tamtovu, totalika ngati chala chaching'ono, Afalansa a nkhondo za m'nthawi ya Napoliyoni. Koma msilikali wamba sankamupenta. Iwo ankafuna mabwana okhaokha, aja oima pambali pa kazembe atanyamula mapu ndi kuthamanga ndi mauthenga pa kavalo.

Kumudzi anali telala ku Limbe, kuno ankalondera nyumba yosungira katundu ku Etobicoke. Yunifomu yawo yaulonda inkasowa mabatani chaka chonse, koma pa kadole batani lililonse linali pamalo pake. Kansalu ka pamkono wamanzere kakakhala kofiira pamene kayenera kukhala kabuluu, ankafufuta n'kuyambanso. Ndevu za mabwanawo ankazilemba ndi tsitsi la nsidze zawo zomwe, moti pofika 2004 nsidze yakumanja inali itatha.

"Bambo a Ulemu, chakudya chikuzizira," akazi awo a Mathilda ankatero.

"Dikirani, mayi. Munthuyu alibe kolala."

"Ndi wamtovu, samva chisanu."

"Inu mungalowe m'tchalitchi opanda duku?"

Loweruka lililonse ankakwera sabuwe, sitima yapansi pa nthaka, kupita kuchipinda chapansi cha tchalitchi china ku Etobicoke, kumene madoda achizungu ankamenyanitsa tizidole tawo patebulo poponya dayisi. Kumeneko msilikali akaphedwa, mwini wake ankangomubwezera m'bokosi, sabata yamawa n'kumutulutsanso. A Medson zimenezi zinawanyansa.

"Munthu anafa sabata yatha, lero akuwomberanso?" anafunsa a Justin, mkulu wa gululo. "Kwathu zoterezi tili nalo dzina lake."

Tsiku limene Meja wawo woyamba anawomberedwa, anabwera naye kunyumba m'bokosi la machesi, nayamba kuimba mafoni: "Kuno kwagwa zovuta." A Alice a pa nyumba yoyandikana anathawa kuntchito, nayamba kulira ali m'chikepe, chitenje chili m'chiuno.

"Watisiya ndani, alamu?"

"A Meja."

"A Meja ati?"

A Medson anatsegula kabokosi. A Alice anayang'ana kadole, nayang'ana a Mathilda, ndipo popeza kulira anali atakuyamba kale, anangokumaliza. Meja anaikidwa m'mphika wa maluwa pakhonde lam'mwamba, a Medson atavala tayi. Kuyambira pamenepo anthu anazolowera. Foni ikalira ankayamba afunsa, "Wamtovu kapena weniweni?" Akamva kuti wamtovu ankabwerabe, chifukwa tiyi ndi mandasi a Mathilda sizinali zokana.

Vuto linali lakuti kupenta bwana mmodzi kunkadya mwezi wathunthu, pamene dayisi inkapha awiri masana amodzi. Miphika inadzaza, gulu la mabwana lija linatha. Anatsala Kaputeni Gasitoni yekha, amene a Medson anamupenta bwino kuposa onse: buluku lofiira, jekete lakuda lokoloweka paphewa, zingwe zagolide pachifuwa zoluka ngati za mkwati. Ameneyu a Medson analumbira kuti safa. Nkhondo ikayamba, ankamuimika kuseri kwa kaphiri kapulasitiki pakona ya tebulo.

"Medson, Kaputeni wanu apititse uthenga kutsogolo," ankatero a Justin.

"Ali pa tchuthi."

Sabata yotsatira: "Watsegula m'mimba."

Ina: "Kavalo wake ali ndi pakati."

Madoda aja anatopa. Anati lamulo ndi lamulo, bwana wosanyamula uthenga alibe malo patebulo. A Medson anamusuntha Kaputeni mpaka pakati pa bwalo, maso ndi maso ndi mizinga ya Angerezi. A Justin anaponya dayisi. Isanaime, a Medson anatsomphola Kaputeni, namuponya m'thumba la malaya, nakwera masitepe ngati mnyamata. Chipewa ndi ambulera anazisiya komweko.

"Mwathawa nkhondo?" anafunsa a Mathilda atawaona akupuma wefuwefu pakhomo.

"Sitinathawe. Tasamutsa likulu."

Sanabwererekonso. M'nyengo yachisanu ya 2008 anayamba kudwala mtima, ndipo kuchipatala Kaputeni anali pakatebulo ka pambali pa bedi, pafupi ndi kapu ya madzi. Tsiku lina masana a Justin anabwera kudzawazonda, chipewa chija chili m'manja. Anakamba za chipale chofewa, za mabasi ochedwa, kenako a Medson anafunsa chimene chinkawadya nthawi yonseyi.

"Dayisi ija inagwa bwanji?"

A Justin anakanda chibwano. A Mathilda, amene ankasenda lalanje pakona, anayang'anitsitsa a Justin osaphethira.

"Chipolopolo chinaphonya," anatero a Justin. "Chinangomuchotsa nthenga ya pachisoti."

"Nthenga ndi yosavuta, ndipentanso," anatero a Medson, natseka maso akumwetulira.

Sanaipentenso. Pa maliro awo madoda a ku Etobicoke anakhala pabenchi yakumbuyo, akuyesetsa kutsatira nyimbo zathu ndi milomo yokha. A Alice, amene tsopano ankalira zenizeni, ananong'oneza a Mathilda kuti Kaputeni amuike m'bokosi apite ndi mbuye wake. A Mathilda ndi munthu wosayankhula pagulu, koma apa anayankha momveka mpaka kumbuyo.

"Ameneyu sanafe. Wamoyo saikidwa m'manda."

Nyumba ija tsopano ili zii. Fungo la penti linatha, ndipo Loweruka masana palibe amene amakwera chikepe akuseka ndi duku kumutu. Koma Loweruka m'mawa mukaima pasiteshoni ya Kennedy mudzawaona a Mathilda ndi kachikwama kawo, ulendo wa ku Etobicoke. Akafika amamuimika Kaputeni kuseri kwa kaphiri, iwo n'kukhala pampando wapakhoma ndi zoluka zawo. Malamulo a masewerawo sawadziwa, ndipo safuna kuwadziwa. Mlendo wina atafunsa chifukwa chimene kaphiriko sikawomberedwa, a Justin anangomulanda dayisi.

"Kumeneko kuli munthu wa Medson," anatero. "Womberani kwina."